Kusunga Nyonga Mpaka Ukalamba: Kabuku ka Mabanja a ku Dukathole

Ku Dukathole, m'mphepete mwa tawuni ya Germiston, anthu ambiri amakalamba akadali pa ntchito. Malowa ndi akale. Anali lokeshoni ya anthu akuda a ku Germiston mpaka boma la tsankho litawasamutsira ku Katlehong m'zaka za m'ma 1950, koma lero adzazanso, nyumba za malata zili thithithi pakati pa mafakitale ndi njanji. Amalawi ali momwemo. Ena anabwera ku Joni ali anyamata ndi atsikana, nkumati akhala zaka ziwiri basi, koma pano imvi zili mbuu ndipo akulonderabe usiku, akuchapabe m'nyumba za mabwana, akukwezabe katundu m'malole ku Wadeville.

Boma la South Africa limapereka ndalama ya okalamba kuyambira zaka 60, koma amalandira ndi nzika, anthu a chilolezo chokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka. Mmalawi wamba wa maganyu sali m'gululi. Iye adzagwira ntchito mpaka thupi litakana, kenako adzakwera basi kubwerera ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, kumene kukumudikira khasu, mtondo ndi chitsime. Ndiye funso lakuti miyendo yake idzakhala yotani ali ndi zaka 70 si lachibwana. Kabuku kano kakufotokoza mmene munthu angasungire nyonga ali pakhomo pake, popanda kulipira jimu, ndiponso chifukwa chake amafunika wina womuyang'anira kwa zaka, osati kwa mwezi umodzi.

Zimene zimachitika m'thupi

Munthu akadutsa zaka 30, minofu imayamba kuchepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo akapitirira zaka 60 imachepa mofulumirapo. Sizipweteka, n'chifukwa chake palibe amene amapita nazo kuchipatala. Zimaonekera m'tinthu ting'onoting'ono. Bambo amene kale ankangodzuka pamphasa tsopano amayamba wagwada, nkugwira khoma. Mayi akamakwera takisi amakoka chitseko ndi manja awiri. Chivindikiro cha botolo amapatsira mdzukulu. Sikelo mwina ikuonetsa makilogalamu omwe aja, pakuti malo a minofu alowamo mafuta.

Kugona pabedi kumaononga msanga kuposa ukalamba weniweniwo. Pa kafukufuku wina wa ku America wa mu 2007, achikulire athanzi atagonekedwa masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Ndi mmene zimakhalira kuti gogo amene analowa m'chipatala akuyenda yekha atuluke ali pa njinga ya odwala, chonsecho matenda amene anamugoneka anachira.

Miyendo ikafooka, chotsatira ndi kugwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse, ndipo padziko lonse anthu pafupifupi 684,000 amafa pachaka chifukwa cha kugwa. Ku Dukathole zogwetsa munthu n'zosasowa: tinjira tamatope m'dzinja, madzi otayidwa pakhomo, mawaya oyenda pansi, ulendo wa kuchimbudzi usiku magetsi atazima. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ambiri sayendanso ngati kale.

Ngakhale dzanja limanena zambiri. Kafukufuku wa PURE, amene anayeza anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, South Africa ndi Zimbabwe ali momwemo, anapeza mu 2015 kuti mphamvu yofinya ya dzanja ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa chimakwera ndi 16 peresenti. Dzanjalo silipha munthu ayi, limangoulula mmene thupi lonse lilili.

Umboni wakuti nthawi sinathe

Mu 1990 dokotala Maria Fiatarone ndi anzake anachita zimene ambiri ankaziona ngati misala. Anatenga nkhalamba 10 za m'nyumba yosungirako okalamba ku Boston, za zaka 86 mpaka 96, nkuziyambitsa kukweza zitsulo ndi miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata 8, mwa anthu 9 amene anamaliza, nyonga za m'ntchafu zinali zitawonjezeka pafupifupi katatu. Awiri anasiya ndodo. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene anthu sakonda kuitchula: atasiya kwa masabata 4 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la nyongazo linali litapita. Nyonga zili ngati chipereganyu, wosiya kusonkha amachotsedwa pa mndandanda wolandira.

Mafupa nawo amamva. Ku Griffith University ku Australia, Belinda Beck ndi gulu lake anaphunzitsa amayi osiya kusamba, a mafupa opepuka kale, kunyamula zolemera kawiri pa sabata, mphindi 30 zokha, kwa miyezi 8. Mafupa a msana analimba ndi pafupifupi 3 peresenti, pamene a amayi amene ankangochita timasewera topepuka kunyumba anapitiriza kuchepa. Amayiwa ankanyamula pamaso pa mphunzitsi wodziwa ntchito, ndipo mfundo imeneyi isaiwalike.

Germiston yomweyi ili ndi mbiri yake. Wally Hayward, wa kalabu ya Germiston Callies Harriers, anapambana mpikisano wa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, kasanu konse, koyamba mu 1930, komaliza mu 1954. Anabwereranso mu 1988 ali ndi zaka 79, ndipo mu 1989 anaumaliza ali ndi zaka 80. Mbiri yakeyo, yokhala munthu wamkulu koposa kumaliza mpikisanowu, inakhala mpaka 2023, pamene Johannes Mosehla wa ku Limpopo anamaliza ali ndi zaka 81. Nkhani zoterezi n'zokoma kumva, koma nthawi zina zimagwetsa ulesi, chifukwa munthu amangoti amenewo anabadwa choncho. Chitsanzo choyenera banja wamba ndi agogo a ku Cosmo City, kumpoto kwa Johannesburg, amene mphunzitsi Claude Maphosa anayamba kuwaphunzitsa nkhonya ndi masewera a nyonga kawiri pa sabata, ena a iwo atadutsa kale zaka 70. Kulinso agogo ampira a Vakhegula Vakhegula ku Nkowankowa, pafupi ndi Tzaneen, amene anawasonkhanitsa ndi Beka Ntsanwisi. Ambiri mwa amayiwa sanali akatswiri a masewera pa utsikana wawo. Chimene anapeza ndi gulu, tsiku loikika, ndi munthu wofunsa akajomba.

“Ine ndimagwira kale ntchito yolemetsa”

Awa ndi mawu oyamba amene bambo wa ku Dukathole amayankha akauzidwa za masewera, ndipo sakunama. Koma ntchito ndi masewera a nyonga n'zosiyana. Ntchito imagwiritsa minofu yomweyomweyo tsiku lonse, thupi litapindika mbali imodzi, popanda kupuma kokwanira, ndipo katundu wake amasankha ndi bwana. Wokweza matumba amakhala ndi mikono yolimba koma msana wotopa. Mlonda amaima maola 12, mapazi amatupa, koma ntchafu sizinagwire ntchito yoti nkukula nayo. Mayi wochapa ndi kusita amakhala chowerama, minofu yowongola msana nkumafooka. Masewera a nyonga ndi aafupi, amazungulira thupi lonse, kulemera kwake amasankha mwini wake, ndipo mawa lake thupi limapuma. Minofu imakula pa tsiku lopumalo.

Kuyenda pansi nako n'kwabwino ku mtima, ku shuga ndi ku maganizo, ndipo malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za zinthu zonga kuyenda ndawala. Koma malangizo omwewo amawonjezera masiku awiri kapena kuposerapo a masewera olimbitsa minofu, ndipo kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo, masiku atatu a masewera ophatikiza nyonga ndi kusadzandira. Gawo lachiwirili ndi limene anthu ambiri amalidumpha.

Asanayambe

Aliyense wa zaka 50 kupita m'tsogolo ayambe wakayezetsa BP ndi shuga kukiliniki. Ngati BP yafika 180 pamwamba kapena 110 pansi, tsiku limenelo si la masewera, ndi la kuonana ndi anamwino. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, amene anachitidwa opaleshoni posachedwa, amene ali ndi chotupa chotuluka pamchombo kapena m'mphechepeche, afunse kaye kuchipatala. Chimodzimodzi abambo amene anagwirapo ntchito m'migodi ndipo amabanika, popeza fumbi la mgodi ndi TB zimasiya zipsera m'mapapo. A fiziyo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za boma monga Bertha Gxowa ku Germiston ndi Thelle Mogoerane ku Vosloorus, ndipo kalata yopitira kumeneko imachokera kukiliniki.

BP yoyendetsedwa bwino ndi mankhwala, shuga, nyamakazi ya m'mawondo ndi kumwa ma ARV si zifukwa zokhalira pansi. Anthu amenewa ndi amene masewera amawathandiza koposa. Minofu ndi imene imamwa shuga wambiri wa m'magazi, ndipo ntchafu zolimba zimapeputsa ntchito ya bondo. Wodzibaya insulini kapena womwa mapiritsi otsitsa shuga asachite masewera ndi njala, asunge siwiti m'thumba, ndipo aziyang'ana mapazi ake akavula nsapato.

Munthu asiye nthawi yomweyo akamva kupweteka kapena kupanikizika pachifuwa, chizungulire, kubanika kosalekeza, mtima kugunda mosokonekera, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi. Zikapanda kutha atapuma, pafoni ya m'manja aimbe 112.

Zida zili kale pakhomo

Malo ofunika ndi ongokwana mphasa imodzi. Mpando ukhale wolimba, wotsamira khoma kuti usathawe. Mipando yapulasitiki imatha kutambasuka miyendo, bola kreti ya mabotolo yoikapo chibulangete chopinda, kapena m'mphepete mwa bedi ngati si lofewa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho botolo la malita 2, chigubu cha malita 5 ndi ndowa ya malita 20 ndi zitsulo zoyezedwa kale. Chigubu chomwecho chikadzazidwa mchenga chimafika makilogalamu 7 kapena 8. Thumba la ufa la makilogalamu 10 likalowa m'chikwama chakumsana limasanduka chida chabwino kwambiri. Chubu chakale cha njinga chimagwira ntchito ya malamba a mphira amene amagulitsidwa modula m'masitolo.

Poyamba thupi litenthetsedwe kwa mphindi 5: kuguba pamalo amodzi, kuzunguza mapewa, kupinda ndi kuwongola mawondo pang'onopang'ono.

Sewero loyamba, lomwenso ndi lalikulu pa onse, ndi kudzuka pampando. Munthu akhale chakutsogolo kwa mpando, mapazi atatalikirana ngati mapewa, zidendene zitabwerera m'mbuyo pang'ono pansi pa mawondo. Manja apingase pachifuwa. Aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, apondereze pansi ndi zidendene, aimirire mpaka chiuno chiwongoke. Pobwerera ndi pamene pagona nkhani. Ambiri amangodzigwetsa, kuti khu! Asatero. Atsike akuwerenga mumtima mpaka 3, matako angokhudza mpando, adzukenso. Woyang'anira aime kutsogolo aziona mawondo, chifukwa akatopa amayamba kugwera mkati ngati akufuna kugundana, ndipo ayenera kuloza kumene zala zikuloza. Amene sangathe popanda manja ayambe ndi manja pa ntchafu, kapena akweze mpando ndi pilo. Amene zamupepukira akumbatire chigubu pachifuwa.

Lachiwiri ndi kukankha. Manja pakhoma molingana ndi mapewa, mapazi m'mbuyo, thupi lowongoka, apinde zigongono mpaka chifuwa chiyandikire khoma, akankhe. Khoma la malata siliyenera, limabonyoka ndiponso limacheka. Afune la njerwa kapena mtengo wolimba wa nyumba. Pakapita miyezi manja atsikire patebulo, kenako pabenchi.

Lachitatu ndi kukoka, limene limawongola msana wa anthu ogwira ntchito chowerama. Dzanja limodzi litsamire pampando, msana uli tambalale, linalo likoke chigubu kuchokera pansi mpaka m'nthiti, chigongono chikupita m'mbuyo. Kapena amange chubu pamtengo, akoke mbali zonse ziwiri ngati akupalasa bwato.

Lachinayi ndi kutola katundu pansi, ndipo apa ndi pamene misana yambiri imavulala pa ntchito. Ndowa ikhale pakati pa mapazi, osati kutsogolo. Matako apite m'mbuyo, mawondo apinde pang'ono, chifuwa chisagwe, agwire chogwirira ndi manja awiri, aimirire ndi mphamvu ya matako ndi ntchafu. Ayambe ndi malita 5 m'ndowamo. Madzi amawonjezeka ndi kapu, n'chifukwa chake ndowa imaposa njerwa.

Lachisanu n'losavuta kufotokoza: zigubu ziwiri zolemera mofanana, china uku china uku, ayende nazo masitepe 20 ali chilili, atembenuke, abwerere.

Lomaliza ndi la kusadzandira. Atagwira mpando ndi dzanja limodzi, anyang'ame pa zala za kumapazi ndi kutsika pang'onopang'ono. Kenako aime ndi mwendo umodzi masekondi 10, nkumawonjezera mpaka 30. Kenako ayende chidendene chikugunda zala za phazi linalo, motsatira khoma. Dzanja lizichoka pampando pang'onopang'ono, lonse, zala ziwiri, chala chimodzi, mpaka kungoyandama pamwamba pake.

Sewero lililonse achite ka 8 mpaka ka 12, apume mphindi imodzi, abwerezenso. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 30. Mpweya autulutse pamene akukankha kapena kukweza. Kuumira mpweya nkope itakwinyika kumakweza BP mwadzidzidzi, ndiye amene amaiwala aziwerenga mokweza mawu, pakuti munthu sangawerenge ataumira mpweya. Pakati pa masiku a masewera pakhale tsiku lopuma, ndiye masewera azichitika monga Lachiwiri ndi Lachisanu, kapena Lachitatu ndi Lamulungu masana kwa amene amaweruka mochedwa.

Kuwonjezera ndi kulemba

Thupi limazolowera. Chigubu chimene chinali cholemera mu Januwale chimakhala choseweretsa mu Epulo, ndipo amene amanyamula chomwecho chaka chonse amangoima pamodzimodzi. Mulingo wake ndi uwu: maulendo awiri kapena atatu omalizira azivuta, koma osaononga kaimidwe ka thupi. Munthu akakwanitsa ka 12 mosavuta masiku awiri otsatizana, awonjezere theka la lita kapena lita imodzi, abwerere pa ka 8, ayambenso kukwera.

Zonsezi zilembedwe m'kope la ana asukulu: tsiku, sewero, malita, kangati. Zimaoneka ngati zachabe, koma mutu umanama. Pa mwezi wachitatu, pamene chidwi chazilala ndipo pagalasi sipakuoneka kusintha, kope ndi limene limasonyeza kuti ndowa yachoka pa malita 5 kufika pa 11. Masabata oyambirira nyonga zimabwera chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamula minofu bwino. Minofu yeniyeniyo imayamba kukula pambuyo pake, ndipo mafupa amachedwa koposa, amafuna miyezi 6 kapena kuposerapo.

Kuphwanya kwa thupi tsiku lotsatira kapena lachiwiri lake n'kwachibadwa, kumatha pakokha ndipo kumachepa thupi likazolowera. Ululu wobaya mkati mwa bondo, phewa kapena msana ndi wina. Umenewo ukutanthauza kuti katundu achepe kapena kachitidwe kakonzedwe, ndipo ukakhala sabata yonse, kuchipatala.

Munthu woyang'anira

Ku New Zealand, John Campbell ndi Clare Robertson a ku University of Otago anakonza dongosolo la masewera apakhomo a okalamba, ndipo ataliyesa pa anthu oposa 1,000 a zaka 65 mpaka 97, kugwa kunachepa ndi 35 peresenti. Masewera ake si odabwitsa, ndi onga omwe afotokozedwa pamwambawa. Mphamvu ya dongosololi inali mwa namwino kapena wa fiziyo amene ankafika pakhomo kangapo kudzaona kachitidwe ndi kuwonjezera kulemera, nkumaimba foni m'miyezi ya pakati, kwa chaka chathunthu. Pepala la zithunzi lokha limathera pansi pa matiresi.

Mphunzitsi wolipidwa ndi wodula kwa banja la maganyu, koma ntchito yake ikhoza kugawidwa. Mwana wa sekondale akhoza kusunga kope ndi kuwerengera agogo ake. Amayi anayi kapena asanu a mpingo umodzi, a mzikiti umodzi kapena a gulu losonkherana za maliro akhoza kukumana pabwalo la mmodzi wa iwo, aliyense ndi chigubu chake. Ngati pafupi pali mnyamata wonyamula zitsulo amene ali ndi mtima wodekha, gulu likhoza kumusonkhera kangachepe kuti azibwera kamodzi pa sabata. Ana amene ali kutali akhoza kufunsa pa WhatsApp kuti, “Amayi, Lachisanu munadzuka kangati pampando?” Funso limeneli limagwira ntchito kuposa lakuti muli bwanji.

Mphunzitsi wabwino amadziwika msanga. Amayamba wafunsa za matenda ndi mankhwala. Amayang'ana mmene munthu akuchitira, osati foni yake. Amadziwa kupeputsa sewero m'malo mokakamiza. Salankhula ndi munthu wamkulu ngati mwana, amati, “Agogo, tiyeni tiyesenso kamodzi, koma mutsike pang'onopang'ono.” Amene amati ululu ndi umboni wakuti zikuyenda, amene amalonjeza kuchotsa mimba pa masabata awiri, amene amagulitsa mapiritsi, tiyi wochepetsa thupi kapena jakisoni wokulitsa minofu, ameneyo ndi wamalonda. Ku South Africa kuno a fiziyo ndi akatswiri ochiza ndi masewera amalembetsa ku bungwe la HPCSA, ndipo munthu wodwala ali ndi ufulu wofunsa nambala yawo asanalipire.

Abambo ali ndi vuto lawolawo. Akaona mnzawo wanyamula ndowa yodzaza amafuna kuposa pomwepo, ndipo sabata yotsatira amakhala atagona ndi msana. Amayi nawo amaopa kuti adzaoneka ngati amuna, zimene sizichitika ndi zigubu za madzi. Woyang'anira ntchito yake ndi kubweza abambo ndi kulimbikitsa amayi kuti awonjezere.

M'mbale

Minofu imamangidwa ndi ndiwo, osati nsima. Akatswiri a zakudya za okalamba amalangiza pafupifupi galamu imodzi mpaka 1.2 ya zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kutanthauza magalamu 60 mpaka 72 kwa munthu wa makilogalamu 60. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Choncho tiyi ndi buledi m'mawa, nsima ndi kabichi masana, sizifikapo. Zotsika mtengo zilipo: nyemba, soya, mtedza ndi chiponde, mazira, ziwindi za nkhuku, amasi, nsomba za m'chitini, usipa ndi matemba obwera pa basi kuchokera kumudzi. Nsomba zodya ndi minga yomwe zimathandizanso mafupa. Ndi bwino kugawa zakudyazi m'mawa, masana ndi madzulo kusiyana ndi kudikira nyama ya Lamulungu. Mwambo wopatsa agogo msuzi wokha poti alibe mano ndi wolakwika, nyemba zikhoza kupotedwa, usipa ukhoza kusinjidwa. Wodwala impso yekha ndi amene afunse dokotala asanawonjezere. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku, kuwerengera ndi wa m'timakyubu ta supu ndi poloni.

Nyengo zimene anthu amasiya

Dongosolo silifa tsiku loyamba, limafa mu Juni. Germiston ili pamalo okwera, chisanu chake chimaumitsa madzi m'mabeseni, ndipo madzulo utsi wa mbaula umakuta malo onse. M'miyezi imeneyi masewera asamukire masana a tsiku lopuma, padzuwa, kapena m'nyumba chitseko chili chotsegula. Kuchita masewera m'chipinda chotseka muli mbaula ya malasha n'koopsa, mpweya wake umapha. Dongosolo limafanso mu Disembala, pamene mafakitale atseka ndipo anthu ali pa ulendo wa kumudzi, komanso pa maliro, pa matenda, ndi ntchito ikasintha nkukhala ya usiku.

Njira yake ndi kukhala ndi dongosolo laling'ono la masabata ovuta: kudzuka pampando, kukankha khoma ndi kuima ndi mwendo umodzi, mphindi 10, kawiri pa sabata. Zimenezi zimasunga zambiri za zimene munthu anapeza. Amene wajomba masabata awiri abwerere atachepetsako katundu pang'ono. Amene wajomba mwezi kapena wadwala ayambire pa theka, pakatha masabata angapo amapezeka wafika pomwe anasiyira, chifukwa thupi limene linaphunzirapo limabwerera msanga kuposa loyamba kumene. Asilamu pa Ramadan akhoza kuchita dongosolo laling'onoli atamasula.

Kwa amene miyendo yayamba kulimba, kunja kuli kopita. M'mbali mwa nyanja ya Germiston, ya Victoria Lake, muli malo oyendamo. Parkrun, imene Bruce Fordyce anaibweretsa m'dziko muno mu 2011, imachitika Loweruka lililonse m'mawa m'mapaki ambiri a ku Gauteng, makilomita 5, mwaulere, ndipo woyenda pansi amalandiridwa chimodzimodzi ndi wothamanga. Kulinso masewera a okalamba a Golden Games amene boma limakonza kwa a zaka 60 kupita m'tsogolo.

Kudziyesa

Pali muyeso wa masekondi 30 umene azaumoyo a ku America a CDC amagwiritsa ntchito. Munthu amakhala pampando wotsamira khoma, manja atapingasa pachifuwa, wina atagwira foni kuwerenga nthawi, ndipo amadzuka ndi kukhala kambiri mmene angathere. Pa zaka 60 mpaka 64, bambo wolephera kufika ka 14 kapena mayi wolephera kufika ka 12 ali pa chiopsezo cha kugwa. Pa zaka 70 mpaka 74, malire ndi ka 12 kwa abambo ndi ka 10 kwa amayi. Amene sangadzuke n'kamodzi komwe popanda manja akaonane ndi a fiziyo, ndipo ayambe masewera wina atamuimira pambali.

Inu amene mwawerenga kabukuka, yesani muyesowu sabata ino pamodzi ndi aliyense wa pakhomo panu amene wadutsa zaka 50. Lembani nambala ndi tsiku patsamba loyamba la kope, sankhani masiku awiri a pa sabata, ndipo tchulani dzina la munthu amene azikufunsani mukajomba. Pakatha miyezi itatu mudzayesenso pampando womwewo.